Ndi Galasi Pamiyendo Kupita ku Chikwa

Ine ntchito yanga ndi yodula ndi kuika magalasi a galimoto pa Chipata. Za maboti sindinkadziwa kanthu, ngakhale kukwera kumene ndinali ndisanakwerepo. Amene anandilowetsa m'nkhanizi ndi mlongo wanga wamng'ono, Esinati, mzamba pa kiliniki ina ya ku Chikwa, m'chigwa cha Luangwa.

Anandiimbira Lolemba, mvula itagwa kale milungu itatu.

"Alongo, atipatsa boti!" anatero, mawu ali m'mwamba. "La injini. Lakale ndithu, koma lokongola."

Anandifotokozera kuti anthu ena achifundo a ku tauni anapereka botilo kuti lizikatenga amayi apakati okhala tsidya la Luangwa, chifukwa madzi akadzaza, midzi ya kumeneko imakhala ngati ili dziko lina. Vuto linali limodzi, galasi la kutsogolo. Linali la zigawo zitatu: ziwiri m'mbali, pakati kachitseko kodutsira. Kachitsekoko kankakana kutsekeka, ndipo anthu pokakankha ndi mphamvu anakang'alula pakona.

"Lachisanu tikufuna kukatenga amayi asanu ndi awiri adzadikirire masiku awo kuno," anatero Esinati. "Woyendetsa akuti popanda galasi madzi amam'menya m'maso, saona mitengo yoyandama. Bwerani mudzatiikire. Ndi ntchito ya ola limodzi kwa inu."

Ananditumizira zithunzi ndi miyeso pa foni. Lachiwiri ndinadula galasi, ndinalikulunga m'bulangete la mkazi wanga, kunja makatoni, n'kumanga ndi mphira. Lachitatu mbandakucha ndinali pa siteshoni, chikwama cha zida kumsana, galasi m'khwapa.

Basi ya ku Lundazi inali ndi anthu asanu. Kondakitala anati, "Tinyamuka manje manje, bwana." Manje manje ameneyo anatha maola atatu. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera pomwepo. Kondakitala ankafuna galasi likwere padenga pamodzi ndi matumba a feteleza. Nditakana anati ndiye lilipire mpando ngati munthu. Tinakangana mpaka amayi ena a kumbuyo anandiikira kumbuyo, nkhani inatha ndi kuti ndilinyamule pamiyendo. Ndinakhala choncho, mawondo atathina, chibwano chili pa katoni.

Podikirapo ndi pamene ndinayang'ana zithunzi zija bwinobwino, ndipo mtima unayamba kusakhazikika. Kachitseko sikanali kokhota. Zokhota zinali zigawo za m'mbali, zinkaoneka ngati zikuthawana. Pa ntchito yathu timazidziwa zimenezi. Munthu amabwera ndi galimoto akuti galasi silikukhala bwino, koma ukayeza upeza kuti galimotoyo inachitapo ngozi, bodi inapindika. Galasi limangokuuza zimene zachitika pansi pake. Ukaika latsopano pamalo opindika, sabata satha lisanang'aluke.

Tinafika pa Lundazi dzuwa lili pamutu, miyendo itachita dzanzi. Ndinatsamiritsa galasi pa khoma la golosale, ndinaima kutsogolo kwake ngati mlonda, n'kuimba foni.

"Esinati, pita paboti. Tseka kachitseko pang'onopang'ono, osakankha. Mpata watsala waukulu bwanji?"

Ndinamumva akuyenda, nkhuku zikulira, kenako anati, "Pamwamba palowa zala zitatu."

"Nanga pansi?"

"Pansi palibe mpata. Kakukhula ndithu."

"Boti lakhala pa chiyani?"

"Pa zipika ziwiri, pansi pa mtengo wa mango."

Apo ndinapumako. Ndinadziuza kuti mwina ndi zipikazo. Chinthu chachitali chikakhala pa malo awiri chabe kwa milungu, pakati pamalendewera, m'mbali n'kutseguka. Mwina tikaliika m'madzi lidzabwerera m'malo mwake. Ndinagula chimanga chootcha ndi mtima wopepuka, koma ndisanathe theka maganizo anali atabwereranso.

Ya ku Chama inali kanta, lole yaing'ono yonyamula mashuga, malata ndi anthu. Inadzaza msanga, koma mwini wake anasowa. Ena anati wapita kukagula mafuta, ena anati akudya, mayi wina anati ali ndi mkazi wachiwiri kuseri kwa msika. Ine ndinkangozungulira galimotoyo. Atabwera ndinam'chonderera kuti ndikhale kutsogolo chifukwa cha galasi. Analola, koma mpandowo unali kale ndi mdala wina woonda, wovala jekete lalikulu ngakhale kunali kutentha. Anati dzina lawo ndi a Nyirenda, a ku Kambombo, akuchokera kokaonetsa maso ku chipatala.

"Mwanyamula chithunzi cha apongozi?" anandifunsa.

"Galasi, mdala."

"Ndiye mwasankha msewu wabwino," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Sananame. Tala anatha msanga, n'kuyamba mabampu. Galimoto ikagwa m'dzenje ndinkadzutsa galasi m'mwamba kuti lisamenye mawondo, ikatuluka n'kulitsitsa. Mikono inayamba kunjenjemera. Titapitirira Emusa, pamalo ena otsetsereka, tinapeza thiraki ya chimanga itatitimira m'matope, itapingasa msewu wonse. Dalaivala wathu anayesa kulambalala, nafenso tinamira mpaka m'ma ekiselo.

Anthu anatsika, amuna anayamba kudula nthambi, amayi anayala zitenje pamthunzi ngati anadziwiratu. Ine sindikanatha kusiya galasi, komanso sindikanatha kukhala. Ndinkalitsamiritsa pamtengo, kuyenda masitepe khumi, kubwerera, kuyang'ana foni. A Nyirenda anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, mutipatsa chizungulire. Galasi limeneli ndi la nyumba ya ndani?"

Nditawauza kuti ndi la boti, nkhope inasintha. Anati anagwira ntchito zaka zambiri m'maboti ophera nsomba za kapenta ku Mpulungu, asanabwerere kumudzi kudzalima. Anatenga foni yanga, n'kuiyandikitsa pa diso lawo labwino.

"Magalasi a m'mbaliwa akhala pa chiyani?"

"Pa mabokosi awiri. Limodzi lili ndi chiwongolero."

"Nanga mabokosiwo aima pa chiyani?"

"Pansi pa boti. Popondapo."

"Eya. Manje mverani. Popondapo paja mumaona ngati ndi faiba yokhayokha, koma mkati muli thabwa. Faiba ndi khungu chabe. Madzi amalowa m'mabowo a masikuluu a mipando, sangatulukenso, thabwa limayamba kuwola mwakachetechete. Pamwamba poyera, mkati phala. Bokosi likayamba kumira m'phalamo limapendekera kunja, ndipo galasi limapita nalo."

"Koma boti lakhala pa zipika ziwiri," ndinatero. "Mwina ndi zimenezo."

"Mwina," anayankha. "Ndikanakonda zikhale zimenezo. Koma ngati pansi pawola, kawirikawiri nthiti za pansi pake nazonso zawola. Zimene zija ndizo zimagwira boti. Loterolo limayenda bwino lili lopanda kanthu. Muikemo anthu, mugunde chitsa pakati pa mtsinje, mudzaona. Muuzeni mlongo wanu agogode pansipo. Thabwa lamoyo limayankha, lakufa silimayankha."

Ndinayang'ana foni. Netiweki panalibe. Ndinakwera pachulu, palibe. Ndinapita pamwamba pa chitunda pamene tinatsikira, ndinakweza foni m'mwamba ngati ndikudalitsa anthu, palibe. Pobwerera ndinapeza mbuzi ikudya katoni ya galasi langa, a Nyirenda akuyiopseza ndi chipewa osadzuka pamene anakhala.

Thirakita ya mlimi wina ndi imene inatizula, dzuwa litapendeka kale. Tinalowa m'Chama kukuchita mdima. A Nyirenda anatsikira panjira yopita kwawo, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. "Musachite manyazi kuwononga chisangalalo cha anthu," anatero. Foni ya Esinati inali yozima. Kwawo amatchaja ndi sola, ndipo tsiku limenelo kunali mitambo. Ndinagona pa nyumba ina ya alendo pafupi ndi msika, ngati kumeneko tingakutche kugona.

Lachinayi m'mawa Esinati anayankha foni.

"Tenga mpini wa khasu," ndinatero ndisanam'patse ndi moni. "Lowa m'boti. Foni uiike pansi. Yamba kugogoda kutsogolo."

"Alongo, mwadzuka bwanji kodi?"

"Gogoda, Esinati."

Ndinatseka khutu linalo ndi chala, chifukwa pamsika anali atayamba kutsegula mawailesi. Ndinamva: ngo, ngo, ngo. Kulira kouma, kwabwino.

"Manje bwera kumbuyo pang'ono. Pafupi ndi bokosi la chiwongolero."

Bu. Bu. Ngati munthu akumenya thumba la madeya.

"Bwerezanso."

Bu.

"Pali chiyani pamenepo?"

"Kapeti. A Kumwenda anamata kuti anthu asamaterereke." A Kumwenda ndiye anali woyendetsa boti uja. Kenako Esinati anawonjezera, mawu atatsika, "Alongo, madzi akwera kwambiri usiku. A Kumwenda akuti tikadikira mawa mtsinje ukhala utadzaza mitengo. Akufuna tipite lero masana, galasi likhale choncho."

"Iyayi! Musaliike m'madzi ndi anthu. Wamva? Mundidikire. Pansipo..."

Foni inaduka. Ndinaimbanso kasanu, kakhumi. Sindinadziwe ngati mawu anga omaliza anafika.

Galimoto yopita ku Chikwa kunalibe. Pa siteshoni anandiuza kuti mvula ikayamba, magalimoto amathera ku Tembwe, ndipo ya tsiku limenelo inali itapita kale. Panatsala ma honda, njinga zamoto zonyamula anthu. Oyendetsa atatu anaona galasi n'kupukusa mitu. Wachinayi, bambo wa imvi m'ndevu dzina lake Goma, anandizungulira kamodzi n'kunena kuti, "Likasweka ndi lanu. Mukagwa ndi inu. Kwerani."

Tinaliika pakati pathu, choimika, ine nditalikumbatira. Mphepo ikaomba linkatikoka ngati thanga. Goma sankatha kuthamanga, ndipo ine kumbuyo ndinkangoti, "Onjezani pang'ono, ba Goma." Iye ankayankha, "Ndionjeze kuti tikafike kuti, kumwamba?" Pamchenga ndinkatsika kuyenda pansi, pamatope chimodzimodzi. Kawiri tinagwa, bwinobwino ndithu, chammbali, ine chagada galasi lili pachifuwa. Silinasweke. Ndinayamba kudana nalo.

Pa Tembwe tinaima kuti Goma athire mafuta a m'botolo. Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ana chinthu chimene ndinali nditachilera masiku awiri, ndipo ndinadzifunsa kuti ndikuchinyamuliranji. Ngati a Nyirenda ananena zoona, galasilo linalibe ntchito. Ngati analakwitsa, likanatha kudikira. Ndinalowa m'kantini ya mayi wina wogulitsa sopo ndi mchere.

"Amama, mungandisungire ichi?"

"Mubwera liti?"

"Sindidziwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumatope a kumapazi mpaka kumutu, n'kuloza kuseri kwa matumba a mpunga. Bulangete la mkazi wanga ndinalisiya pomwepo. Titakwera honda, Goma anati, "Manje gwirani zolimba," ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonse ndinamva mphepo kumaso.

Chisangalalocho sichinathe ola. Tinafika pa kamtsinje kena kopanda mlatho, kamene Goma anati chilimwe ana amaseweramo mpira. Tsiku limenelo kanali kodzaza, madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala. Tsidya lino panali anthu ngati khumi ndi njinga zawo, tsidya linalo chimodzimodzi, akukambirana mofuula. Mphunzitsi wina wa ku Kitwe, amene anati ali chaka chachiwiri m'chigwamo, anali atazika kamtengo m'mphepete mwa madzi.

"Madzi akatsika kufika pa mfundo iyi, tiwoloka," anandiuza. "Mvula yagwa kumapiri. Amapita okha."

"Nthawi yanji?"

Anaseka. "Ndinu achilendo eti?"

Ndinakhala pansi. Ndinadzuka. Ndinapita kukaona kamtengo. Ndinabwerera. Mayi wina anandipatsa mango, ndinadya osamva kukoma. M'mutu munkangobwera chithunzi chimodzi: amayi asanu ndi awiri ndi mimba zawo atakhala m'boti, mlongo wanga pakati, ndi kulira kuja, bu, bu. Ndinayesa kulowa m'madzi ndekha, anafika m'chiuno pa sitepe yachitatu n'kuyamba kundikoka miyendo. Goma anandigwira kolala.

"Mukafa pano, uthenga wanu apereka ndani?" anatero. "Khalani pansi."

Mfundo ija inaonekera dzuwa litadutsa pamutu. Amuna anayi anapisa mtengo m'mawilo a honda n'kuisenza pamapewa, ife tinatsatira titagwirana manja, zikwama pamutu.

Pa kiliniki tinapeza zipika ziwiri pansi pa mango, boti palibe. Panali mikwasa ya ngolo yolowera kumtsinje. Sindikumbuka kuti ndinamuuza chiyani Goma, ndimangokumbuka honda ikudumpha m'mizere ya chimanga cha eni ake.

Boti linali m'madzi, lomangidwa pa chitsa, injini ili kumbuyo. Pagombe panali gulu la anthu. Esinati anali atakhala pa chigubu cha petulo wa botilo kuti lisanyamuke, atavala yunifolomu, chikwama cha ntchito pamiyendo, nkhope ili gwa. Patsogolo pake panaima bambo wamfupi wa mapewa aakulu, akulankhula Chisenga mwaukali. Sindinafunse kuti ndi ndani.

"Ndinangomva kuti mundidikire," Esinati anatero atandiona. "Ndakhala pano kuyambira teni koloko. Mukanachedwa pang'ono akanandinyamula ndi chigubu chomwe."

A Kumwenda ananditembenukira. "Ndinu a magalasi? Galasi lili kuti?"

"Lili ku Tembwe. Ndiloleni ndione boti, ba Kumwenda."

Ndinalowa, chinthucho chikugwedezeka. Choyamba ndinatseka kachitseko. Boti linali m'madzi tsopano, zipika kulibe, koma pamwamba panalowabe zala zanga zitatu. Chiyembekezo changa cha pa Lundazi chinathera pomwepo. Ndinagwira bokosi la chiwongolero n'kulikankha ndi dzanja limodzi. Linapita, n'kubwerera, ngati dzino logwedera. Ndinaponda pafupi nalo, pansi panafewa, kapeti n'kutulutsa thovu m'mbali mwa nsapato.

Ndinasenda kapetiyo. Pansi pake panali kachidutswa ka lata, kokhomedwa bwino ndi misomali yatsopano. Nditakazula ndinapeza mng'alu wotalika ngati dzanja. Ndinatenga sikuludilaiva n'kubaya. Inalowa yonse mpaka chogwirira popanda ine kukankha, ndipo potuluka inabwera ndi zinthu zakuda zonyowa, zonunkha ngati m'khola. Ndinakulitsa bowolo, ndinapisa mkono kufuna nthiti imene a Nyirenda ananena. Ndinaipeza. Ndinaifinya ndi zala, inaphwanyika m'manja.

Ndinatuluka ndi zimene ndinatapazo n'kutambasula dzanja pamaso pa a Kumwenda.

Sanayang'ane dzanjalo. "Lata ndinakhoma ndine," anatero m'Chinyanja, mawu atatsika. "Mng'aluwo ndinauona tsiku lomwe boti linabwera. Ndinati ndikanena alitenga, ndipo lina sitidzalionanso." Anayang'ana kutsidya. "Mwa amayi asanu ndi awiri aja, mmodzi ndi mwana wanga. Mimba yoyamba inapita padera chaka chatha, madzi atadzaza chonchi. Tinalephera kumuwolotsa."

Ndinali nditabwera ndi mawu ambiri aukali kuchokera ku Chama, onse anasungunuka.

"Lingapite ulendo umodzi?" anafunsa. "Umodzi chabe."

"Ine za madzi sindidziwa, ba Kumwenda. Mwina lingapite n'kubwera. Koma mlongo wanga sindingamulole kukwera. Inu mwana wanu mungamukweze?"

A Kumwenda anatembenuka n'kufuula mayina a anthu awiri, kuti abweretse mabwato awo a mtengo.

Anawoloka katatu madzulo amenewo, mabwato awiri, amayi mmodzimmodzi kapena awiri. Ankayamba kupalasa chokwera m'mphepete mtunda wautali, kenako n'kulola madzi awatsitse chopingasa mpaka tsidya. Esinati anapita ndi ulendo woyamba, atakhala pansi penipeni, manja atagwira m'mbali, ndipo anatsala tsidya mpaka womaliza atakwera. Ine ndinkayenda uku ndi uku pagombe mpaka mayi wina anandiuza kuti ndikuponda nsomba zake zoyanika. Mwana wa a Kumwenda anabwera ulendo womaliza, bambo ake akupalasa okha. Potsika anamunyamula m'manja ngati kamwana, ngakhale iye ankakana mwamanyazi kuti angathe kuyenda.

M'mawa mwake tinakokera boti kumtunda ndi ng'ombe. Ndinagogoda paliponse ndi hamala, n'kulemba ndi choko malire a pamoyo ndi pakufa. Kutsogolo kunali kwabwino, thupi la kunja linalibe bowo. Kuyambira pa mabokosi mpaka kumbuyo kunayenera kuchotsedwa konse, ndi nthiti ziwiri. Faiba ndi mankhwala ake tikanaitanitsa ku Chipata, ndipo ndinali ndi mnzanga wowotcherera mabampa amene akanandilangiza pa foni. Chosowa chinali thabwa louma. Nthawi ya mvula m'chigwa monse simupezeka thabwa louma, ndipo laliwisi ukalitsekera m'faiba ndiye kuti wayambitsanso matenda omwewo.

Ndinawafotokozera a Kumwenda zimenezi. Anangogwedeza mutu n'kuchoka. Ndinaganiza kuti akwiya.

Patapita ola ndinawaona akubwera m'njira ya m'chimanga, atawerama, atasenza chinthu chachikulu kumsana. Anachitsitsa pafupi ndi boti. Chinali chitseko cha mlombwa, chokhuthala, chakuda ndi utsi wa zaka, mahinjesi akadali pomwepo.

"Ichi chauma," anatero akupukuta thukuta. "Anapala ndi bambo anga. Nthiti ziwiri zitulukamo?"

Ndinayeza ndi tepi. Zinkatuluka, n'kutsalako.

"Nanga kunyumba mutseka ndi chiyani, ba Kumwenda?"

"Mphasa ilipo," anatero. "Ndipatseni sowo."